Ndemanga yanga pa Euro Truck Simulator 2, ine dalaivala wa lole ya tiyi ku Thyolo

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Si gemu ya aliyense, koma kwa ine amene ndimadyera chiwongolero, ndalama yanga sinalowe m'madzi.

Ntchito yanga ndi kunyamula masamba a tiyi kuchoka m'minda kupita kufakitale kuno ku Thyolo. Gemuyi anandigulira pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi mlamu wanga amene ali ndi khadi lakubanki, ine ndinangomubwezera ndalama. Inapangidwa ndi kampani ya SCS Software ya mumzinda wa Prague ku Czech Republic, ndipo inatuluka mu 2012. Ukalamba wakewo ndi umene wandithandiza, chifukwa laputopu yanga yakaunjika ikuikwanitsa ndikatsitsa ubwino wa zithunzi. Bandulo imapita yambiri tsiku loikoka pa intaneti, kenako mukhoza kusewera opanda netiweki.

Mumayamba ngati dalaivala waganyu woyendetsa thiraki ya eni ake. Mukasunga ndalama, kapena kutenga ngongole kubanki ya m'gemumo, mumagula yanu, kenako galaja, kenako n'kulemba madalaivala ena. Mathiraki ake ndi omwe timawaona pamsewu: Scania, Volvo, MAN, DAF, Mercedes-Benz, Renault ndi Iveco.

Chimene chinandigwira mtima ndi kulemera kwa katundu. Thiraki yodzaza siinyamuka ngati yopanda kanthu, ndipo pamtsetse imakukankha kumbuyo. Ukamangopondaponda buleki mpweya umatsika, ndiye uyenera kutsitsa giya kuti injini ikugwirire, monga timachitira potsika zitunda za ku Thekerani. Pokhota, ngolo imadula kona. Ukaiwala kutambasula, imakwera m'mphepete mwa msewu kapena kukhula chikwangwani. Mvula ikagwa usiku, magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amanyezimira pagalasi lonyowa, ma wayipa akupita uku ndi uku, ndipo thupi limangochita lokha zomwe limachita chiperoni chikatseka msewu pa Bvumbwe: phazi kuchoka pamoto, maso pamzere woyera. Kubweza ngolo cham'mbuyo kuti ilowe pamalo otsitsira katundu ndiye ndi mayeso enieni. Chiwongolero ukachipotoza kumanja ngolo imathawira kumanzere, ndipo ukachedwa kuwongola imapindika mpaka kutsamira kabini. Pamenepa sananame ngakhale pang'ono.

Ku England mumayenda kumanzere ngati kwathu kuno. Mukangowoloka nyanja pa Dover n'kutsikira ku Calais m'dziko la France, muyenera kusamukira kumanja. Pa raundabauti yoyamba mutu umazungulira ndithu.

Koma nkhani imene ndikufuna ndiitsindike ndi iyi. Anthu amaitama gemuyi kuti ili ngati zenizeni, pomwe ine ndikuona kuti kukoma kwake kuli pa zenizeni zimene anazisiya dala. Mapu anawafinya pafupifupi ka 19, kotero ulendo umene ungadye tsiku lathunthu umatha tiyi asanazizire kawiri m'fulasiki. Dalaivala akatopa amayasamula, maso amachita mdima, mumaima pamalo opumira, n'kudina batani limodzi ndipo kwacha. Dizilo akatsika mumapatukira pa filing'i siteshoni, mafuta alipo, mzere palibe. Mulibe kugona masiku pachipata cha dziko kudikira mapepala, momwe anzathu amathiraki amachitira pa Muloza kapena pa Mwanza. Mulibe tayala lophulika pakati pa thengo jeki itakana, mulibe bwana woimba foni, mulibe msana wopweteka. Ukagunda galimoto ina amakudula chindapusa, thiraki imawonongeka ndi maperesenti angapo, ukakonzetsa kugalaja, basi. Palibe maliro.

Akanati aikemo zonsezo, ndani akanaisewera ataweruka kuntchito? Ine ayi. Amayi othyola tiyi sazula chitsamba chonse, amatenga masamba awiri ndi kansonga, ndipo tiyi wabwino amachokera pamenepo. Opanga gemuyi anatenga phokoso la injini, kulemera kwa ngolo, msewu wautali dzuwa likulowa, n'kusiya minga yonse ya ntchito yathu. Chimenecho sindikuchiyesa chinyengo. Ndi luso, ndipo ndi chimene chimandibwezera chikondi cha ntchito imene masana imanditopetsa.

Adzukulu anga, ana a mchemwali wanga a ku Luchenza, sanagwirizane nane. Iwo anazolowera GTA San Andreas ya 2004 ija, imene munthu amalanda galimoto pamsewu, kuuluka nayo paphiri, kufa n'kudzukanso pakhomo lachipatala. Wamkuluyo anagwira thiraki yanga ya m'gemumo, n'kudutsa loboti itafiira, chindapusa chomwecho. Anayesa kuthamanga, liwiro linakanirira pa makilomita 90 pa ola. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Amalume, ndiye mumangoyenda basi? Apolisi sakuthamangitsani?” Sindimutsutsa mwanayo. Iye amafuna gemu imupatse zimene moyo sungamulole, ndipo magemu otero ali ndi malo ake. Chimene ndinaona n'chakuti wamng'ono wake, amene amakonda kukhala nane m'kabini ndikaimika lole pakhomo, anakhala chete mpaka anafikitsa katundu, ndipo anakana kudina batani lodumphira kupaka. Anafuna abweze yekha ngoloyo.

Apa ndi pamene gemuyi inandikondweretsanso: imakusiyira ufulu wosankha mlingo wa zenizeni. Kutopa kwa dalaivala mukhoza kukuzimitsa, zindapusa za pamsewu chimodzimodzi, chotsekera liwiro chija mukhoza kuchichotsa, magiya mukhoza kuwasiya azisintha okha. Ana akabwera ndimamasula zonse kuti asangalale. Ndikatsala ndekha usiku ndimabwezeretsa chilichonse, chifukwa kwa ine kukoma kuli pa kufikitsa katundu wosaphwanyika, pa nthawi yake, popanda tikiti.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Choyamba, misewu yake ndi ya ku Ulaya, yosalala ndi yodekha. Mtima wanga umalakalaka msewu wa Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Mulanje, phiri likuoneka kutsogolo, minda ya tiyi mbali zonse, akabaza atanyamula nanazi ndi nthochi, minibasi itaima paliponse. Kumeneko ndiye dalaivala amayesedwa. Mayiko ena owonjezera, monga Scandinavia ya 2015 ndi Iberia ya 2021, amagulitsidwa padera, ndiye thumba likonzeke. Chachiwiri, pa kiyibodi thiraki imakhota modzidzimutsa, siimveka m'manja. Ndinagula padi, kachipangizo kam'manja koseweretsera magemu, kwa wogulitsa wina mumsika, koma kandodo kake kakumanzere sikanachedwe kuyamba kukokera mbali imodzi, ndipo nditabwerera anakana kundisinthira. Mukamagula padi, iyeseni pomwepo musanapereke ndalama. Amene angakwanitse chiwongolero cha pakompyuta chokhala ndi zopondera zake, monga Logitech G29, ndiye adzaimva bwino gemuyi.

Kwa achinyamata amene akuphunzira kuyendetsa galimoto zikuluzikulu, ikuthandizani kuzolowera magalasi am'mbali ndi kumvetsa mmene ngolo imayendera pobwerera m'mbuyo, ngakhale laisensi mukaitengera kusukulu yoyendetsa galimoto ndithu. Ngati mumafuna mfuti, mipikisano ndi kuthamangitsana, ndalama yanu isungeni, mudzagona pa kiyibodi musanatuluke mu Calais. Madalaivala anzanga, yambani ndi katundu wopepuka pa ulendo waufupi, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto, chifukwa magetsi akathima muli pakati pa ulendo batire imatha msanga ndi gemuyi.