San Marco ndi Santa Maria del Fiore: kukongola kuli pati?

Tchalitchi cha San Marco ku Venice, m'dziko la Italy, chomwe anayamba kuchimanga mu 1063, chuma chake chili mkati. Makoma ndi madenga ake asanu ozungulira anawakuta ndi timagalasi ta golide ndi timiyala tamitundumitundu, tosanjidwa mwaluso kukhala zithunzi za m'Baibulo pamalo okwana masikweya mita 8,000. Nyale zikayaka, monsemo mumangoti nyezinyezi. Akavalo anayi amkuwa amene ali pamwamba pa khomo ndi ongofanizira. Enieniwo, omwe anthu a ku Venice analanda ku Constantinople (mzinda womwe lero ndi Istanbul) mu 1204, amasungidwa mkati.

Tchalitchi cha Santa Maria del Fiore ku Florence, ku Italy komweko, mkati mwake mulibe zambiri, ndipo wolowa akuyembekezera golide akhumudwa. Koma ine ndingasankhe chimenechi, chifukwa cha denga lozungulira la Filippo Brunelleschi. Analimanga kuyambira 1420 mpaka 1436 ndi njerwa zoposa 4 miliyoni, popanda mitengo yochirikiza kuchokera pansi. Pokwera pamakhala masitepe 463 (amawondo ofooka aganize kawiri), m'kanjira kothina pakati pa makoma awiri a dengalo, ndipo mumadutsa pafupi penipeni ndi chithunzi cha chiweruzo chomaliza chimene katswiri wojambula Giorgio Vasari anayamba kujambula mu 1572.