Lamba yekha, lamba ndi pampu, kapena ntchito yonse: Mazda MX-5 yakale m'chigwa cha Shire

Amene muli ndi Mazda MX-5 yoyambirira, ija ya nyali zotukuka yomwe inayamba kupangidwa mu 1989 ndipo ku Japan ankaitcha Eunos Roadster, mukafika pa nkhani ya lamba wa taimingi, uja wolumikiza crankshaft (shafuti yaikulu ya pansi pa injini) ndi makamu otsegula mavalavu, mumapeza njira zitatu patsogolo panu. Mutha kusintha lamba yekha n'kutseka. Mutha kusintha lamba pamodzi ndi pampu ya madzi ndi timawilo tiwiri tomwe lambayo amatsamirapo. Kapena mutha kugwira ntchito yonse, kuphatikizapo masilo (mphete zotchinga oyilo kuti asadonthe), mapaipi ndi thermostat, kachipangizo kotsegula njira ya madzi injini ikatentha. Buku la Mazda limati lamba asinthidwe pa mamailosi 60,000, omwe ndi pafupifupi makilomita 100,000, koma silinalembedwere munthu woimika galimoto padzuwa la ku Ngabu mu Novembala, kutentha kutapyola madigiri 40. Kuno ife timawerenga zaka: lamba akatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, achoke, kaya galimoto yayenda kaya yangokhala pansi pa mtengo wa nimu.

Tiyambe ndi chimene ambiri amachisokoneza. Injini zonse ziwiri za galimotoyi, ya 1.6 yotchedwa B6 ndi ya 1.8 yotchedwa BP, zinapangidwa moti lamba akaduka mapisitoni sagunda mavalavu. Injini imangozima, mumaima pambali pa msewu, mumafuna wokukokani. N'zochititsa manyazi koma injini ili bwinobwino. Si mmene zilili ndi Porsche 944, yomwe lamba akaduka mavalavu amapindika. Chopha MX-5 kuno ndi madzi. Kuchoka pa Thabwa kukwera zitunda kupita ku Blantyre mumakwera mamita pafupifupi 900 pa giya yachiwiri ndi yachitatu, mwina kumbuyo kwa lole yodzaza shuga, mphepo yolowa mu rediyeta ili yochepa komanso yotentha. Pampu ikakhala kuti ikudontha, madzi amathera pamenepo, ndipo hedi, mutu wa injini wa aluminiyamu, ikapsa imapindika. Choncho poyerekeza njira zitatuzi, funso lenileni ndi la pampu, lamba ndi khomo lolowera chabe.

Njira ya lamba yekha ili ndi ubwino wake ndipo sitiinyoza. Simukhuthula madzi onse, simugula gasiketi ya pampu, ndipo munthu wozolowera amamaliza m'maola atatu. Palinso kachenjerero kodziwika: kung'amba lamba wakale m'litali ndi mpeni, kusiya theka lakumbuyo lili pa mano, kulowetsa watsopano mpaka pakati, kenako kudula theka lotsalalo n'kukankha watsopanoyo. Taimingi siisuntha ngakhale dzino limodzi. Koma njirayi ikuyenera galimoto imodzi yokha: yomwe mukudziwa tsiku limene pampu ndi timawilo tinalowa, ndipo lamba akuchotsedwa chifukwa cha zaka, osati mtunda. Galimoto yogula kwa munthu kapena yochokera kunja yopanda mapepala a sevisi, musayerekeze.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka injiniyi. Pampu ya MX-5 siizunguzidwa ndi lamba wa taimingi, imazunguzidwa ndi lamba wa alternator, ndiye ena amati palibe chifukwa choikhudzira. Koma thupi la pampuyo lili kuseri kwa lamba wa taimingi, ndipo timawilo tiwiri tija, tensioner kokoka lamba ndi idler kongomutsogolera, tonse timamangidwa pa thupi lomwelo. Pampu ikayamba kudontha patatha miyezi inayi, mudzachotsa zonse zomwe munachotsa kale: paipi ya mpweya, malamba akunja, chivundikiro cha makamu, zivundikiro zitatu za pulasitiki, pule yapansi, lamba watsopano uja. Ntchito imodzi kuigwira kawiri, ndipo lamba amakhala atanyowa kale ndi madzi a rediyeta omwe amawononga labala.

Njira yachiwiri ndi yomwe timaiona ngati poyambira penipeni. Imawonjezera maola awiri, malita 6 a madzi atsopano, gasiketi ziwiri ndi kamphete ka labala. Kamphete kameneka kali pa paipi yachitsulo yopita ku hita, pomwe imalowa m'khosi la pampu. Anthu amakaiwala kapena amabwezera kakale komwe kanauma ngati nkhuni, ndipo amadabwa kuona madzi pansi m'mawa. Kapakeni madzi a sopo polowetsa, osati oyilo. Mabawuti anayi a pampu amamangidwa pa 19 mpaka 25 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti, wowerengedwa pa sipanala yoyeza). Pa nkhani ya gasiketi kapena silikoni: gasiketi yobwera ndi pampu, pa nkhope yopalidwa bwino ndi lumo popanda kukanda, imakwana. Silikoni wochuluka amafinyikira mkati, n'kuduka timizere tomwe timakatseka timapaipi ta rediyeta. Ngati nkhope ya buloko ili ndi timaenje ta dzimbiri, pakani pang'ono kwambiri, koonekera mkati ngati pepala lonyowa.

Timawilo tiwiri tija musatiweruze ndi maso. Tichotseni, tizunguzeni pafupi ndi khutu. Katsopano kamazungulira molemera, mwakachetechete, n'kuima msanga chifukwa muli girizi. Kozungulira mopepuka ndi kaphokoso ka "shwee" kauma mkati. Fumbi la misewu ya kum'mawa kwa Shire limalowa paliponse pomwe chivundikiro chang'aluka, ndipo galimoto iliyonse yomwe inaima m'madzi osefukira a 2022 kapena a namondwe Freddy mu 2023, timawilo take tichoke popanda kukambirana. Kasipuling'i ka tensioner nako gulani katsopano. Ndi kameneka komwe kamapereka mphamvu yokoka lamba, ndipo kakale kamakhala katatamuka.

Njira yachitatu imawonjezera masilo awiri a makamu ndi silo imodzi ya crankshaft, thermostat, chitsekero cha rediyeta ndi mapaipi onse a labala. Pano maganizo amasiyana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Silo yosadontha, ena amati isiyeni, chifukwa poichotsa ndi sikuludiraiva mutha kukanda shafuti n'kuyambitsa kudontha komwe kunalibe. Ena amati silo ya zaka 30 yatha kale ntchito ngakhale sikuonetsa. Ife timaweruza chonchi: mukachotsa lamba, yang'anani chitsulo cha kuseri kwa magiya a makamu. Chikakhala chouma ndi fumbi lokhalokha, ndipo manja anu sanazolowere masilo, zisiyeni. Chikakhala ndi matope akuda a oyilo, sinthani zonse zitatu. Bawuti ya giya ya kamu imamangidwa pa 49 mpaka 61 Nm, mutagwira kamuyo ndi sipanala ya 24 pa malo a makona asanu ndi limodzi omwe ali pa shafuti. Musadalire lamba kuti akugwirireni.

Mapaipi ndi rediyeta ndiye sitikayika. Rediyeta ya galimotoyi ili ndi mutu wa pulasitiki womwe umayamba uli wakuda. Ukasanduka wofiirira kapena wobiriwirako, pulasitikiyo yapsa ndipo tsiku lina idzang'ambika pakhosi. Kuika pampu yatsopano pa rediyeta yotere kuli ngati kufolera udzu watsopano pa phaso lodyedwa ndi chiswe. Yang'ananinso mapaipi awiri a hita kumbuyo kwa injini: kamphete ka sensa ya kamu kakamadontha, oyilo amagwera pamenepo n'kufewetsa labala, makamaka pa 1.8.

Tsopano zogula. Zipangizo za Mazda mwini zimakwana popanda kulimbana nazo, koma kuno muyenera kuitanitsa ku South Africa kapena ku Japan n'kudikira. Pakati pali makampani odziwika: lamba wa Gates, nambala T179, kapena wa Mitsuboshi, pampu ya GMB kapena Aisin, maberingi olembedwa Koyo, NSK kapena NTN pa mphete yake. Izi n'zokwanira ndithu, ndipo nthawi zambiri mumazipeza m'bokosi limodzi. Pansi pali zopanda dzina, zobwera m'katoni yoyera. Lamba wotere atha kuyenda, koma pampu yopanda dzina ndi juga, pakuti chomwe chimafa ndi silo ya mkati yomwe simungaione. Pogula ku Limbe kapena ku Ginnery Corner tengani lamba wakale ndi pampu yakale m'manja. Lamba woyenera ali ndi mano 145. Injini za B6 ndi BP zinalowanso mu Mazda 323 ndi Familia, ndiye wogulitsa atha kukupatsani cha galimoto imeneyo. Lamba wa injini ya makamu awiri amagwirizana, wa kamu imodzi ayi, ndipo pampu muiyerekeze mabowo ndi khosi lake musanalipire.

Bawuti yaikulu ya pansi, ya soketi 21, ndi pomwe ntchito imakomera kapena kuipira. Choyamba dziwani crankshaft yomwe muli nayo. Magalimoto a 1989 mpaka kumayambiriro kwa 1991 ali ndi mphuno (nsonga ya kutsogolo ya crankshaft) yaifupi, ndipo pule yake ili ndi mipata inayi kutsogolo. Otsatira ali ndi mphuno yaitali, pule ya mipata isanu ndi itatu. Ya mphuno yaifupi imamangidwa pa 108 mpaka 118 Nm, ya yaitali pa 157 mpaka 167 Nm. Mukasokoneza, yaifupiyo mudula bawuti, yaitaliyo muisiya yolobodoka. Ya mphuno yaifupi ili ndi mbiri yoipa: bawuti ikamangidwa mosakwana, kakiyi kogwira giya yapansi pa shafuti kamayamba kugwedera n'kudya ngalande yake, taimingi imachedwa pang'onopang'ono, galimoto imataya mphamvu, pule imavina. Chizindikiro ndi ufa wofiira ngati wa njerwa pozungulira bawutiyo. Mwayi wake ndi woti pa mtundu umenewu pule imachoka ndi timabawuti tinayi, ndipo lamba amatuluka osakhudza yaikuluyo. Ngati silo yapansi ili youma, isiyeni bawutiyo mu mtendere. Apa ndiye pomwe njira yachiwiri imaposa yachitatu.

Pogwira injini kuti isazungulire pali njira zitatu. Giya yachisanu mnzanu atapondereza buleki imagwira ntchito pomasula ndi pomanga, ngakhale mkono wa sipanala umayamba wanyutuka chifukwa cha masipuling'i a kilachi, ndipo pa otomatiki siitheka. Kutsamiritsa mkono pa chesesi n'kugunda sitata kumamasula msanga, koma kumangomasula, ndipo soketi ikapulumuka imaswa chilichonse chili pafupi, zala zomwe. Yabwino ndi chitsulo chaphanthi chotalika theka la mita, choboola kuti chimangidwe pa mabowo awiri a timabawuti ta pule. Wowotcherera aliyense pa Nchalo kapena pa Bangula angakukonzereni mutamupatsa pule ayezere. Ndipo pomanga, sipanala yoyeza Nm ndi yosasinthanitsa. Ngati mulibe, bwerekani musanayambe.

Taimingi yokha siivuta. Chotsani mapulagi kuti injini izungulire mopepuka. Kachizindikiro ka pa giya yapansi kaloze muvi womwe uli pamwamba pake. Magiya onse awiri a makamu ali ndi zilembo I ndi E. Mukaima kutsogolo kwa galimoto, kamu ya kumanzere ndi yolowetsa mpweya: I aloze kumwamba, E akumane ndi E wa pa chitsulo chakuseri. Ya kumanja ndi yotulutsa utsi: E kumwamba, I akumane ndi I. Pakati pa zizindikiro ziwiri zapamwambazo pakhale mano 19 a lamba. Makamu amakonda kudumpha mukachotsa lamba, ndiye agwireni ndi masipanala awiri opingasa, omangidwa pamodzi ndi chopanira. Lowetsani lamba kuyambira pansi, kukwera mbali ya idler ili yokoka, kulobodoka konse kuthere ku tensioner.

Kukoka lamba kuli ndi njira ya m'buku ndi njira ya chala. Ya m'buku: zunguzani crankshaft molowera kumanja kamodzi ndi magawo asanu mwa asanu ndi limodzi, kufika pa chizindikiro chachiwiri chomwe chili cha kumanzere kwa muvi uja, masulani bawuti ya tensioner kuti sipuling'i ikoke yokha, mangani pa 37 mpaka 52 Nm. Zunguzaninso kawiri ndi kagawo kotsalako, onani zizindikiro zonse. Mukakanikiza lamba pakati pa magiya awiri ndi mphamvu ya makilogalamu 10, atsike mamilimita 9 mpaka 11.5. Ya chala ndi ija yokankha tensioner ndi chitsulo kuti "alimbe bwino". Lamba wotero amalira ngati mluzu injini ikatentha, ndipo amapha maberingi atsopano aja. Chivundikiro cha makamu chimafuna 5 mpaka 9 Nm basi, ndi kadontho ka silikoni m'makona momwe gasiketi imapindika.

Chotsala ndi madzi othira, ndipo kuno kusankha kumeneku n'kolemera ngati kwa pampu. Madzi a mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, aliyense wowamwa akudziwa. Mu injini ya buloko yachitsulo ndi hedi ya aluminiyamu mcherewo umadya zitsulo, n'kusiya miyala yomwe imakanda silo ya pampu. A mumtsinje ali ndi matope. Gulani madzi otchezedwa omwe amathira mu batire, muonetsetse kuti si asidi, kapena sefani a mvula oyera. Mankhwala a rediyeta osakaniza kale ndi madzi theka ndi theka ndi osavuta, koma kuno kulibe chisanu choumitsa madzi, ndipo mankhwala akachuluka amanyamula kutentha mochepa kuposa madzi. Malita 2 a mankhwala pa malita 4 a madzi amateteza ku dzimbiri ndipo amaziziritsa bwino. Thermostat musaichotse ngakhale makaniko wina atakuuzani kuti ku chigwa siifunika. Ikani yatsopano.

Pothira, kwezani kutsogolo kwa galimoto pa jeke, chitsekero chili chotsegula, injini ikuyenda mpaka fani italira kawiri ndipo thovu litasiya kutuluka. Isiyeni izizire, onjezerani, yendani ulendo waufupi pa msewu wopanda zitunda wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ndipo m'mawa mwake suzumirani pansi pa pampu ndi pa kamphete kaja. Zitunda za Thabwa mukwere pakauma.