Mapu a nkhondo osindikizidwa kale: okongola, koma theka lake langokhala m'kabati

Ndemanga iyi ndi ya paketi ya mapu a nkhondo a masewera a patebulo imene ndinagula kwa wojambula wina wa kuno ku England, yemwe amagulitsa yekha pa intaneti. Ndi mapepala khumi a saizi ya A2, osindikizidwa mbali zonse ziwiri ndi kukutidwa ndi pulasitiki, kutanthauza zithunzi makumi awiri. Ndinalipira mapaundi 45 kuphatikizapo positi. Gulu lathu la ku Leeds lawagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Kapangidwe kake sindikudandaula nako. Pamene ndikuona kuti ndalama yanga inalowa m'madzi ndi pa malo amene wojambulayo anasankha kujambula.

Kwa inu amene simunasewerepo: masewera ngati Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, amaseweredwa pakamwa. Mmodzi amayendetsa nkhani, timamutcha DM, ndipo enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo. Nkhondo ikabuka, DM amayala mapu okhala ndi timabokosi, anthu n'kuikapo tizidole tawo. Kabokosi kamodzi ndi inchi imodzi, ndipo kamaimira mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Munthu wamba amayenda mafiti 30 ikafika nthawi yake yosewera, ndiye timabokosi 6. Chilichonse chimadalira inchi imeneyi, chifukwa tizidole tambiri timakhala pa kathako ka mamilimita 25.

Apa wogulitsayu anakhoza. Ndinayeza ndi rula, timabokosi take ndi inchi yeniyeni kuchokera ngodya ina kufika ngodya ina, ndipo mizere yake ndi yopepuka moti siphimba chithunzi koma imaoneka ndithu. Mitundu yake ndi yakuya. Madzi akuoneka ngati madzi, ndipo mithunzi ya mitengo imakuuzani pamene munthu angabisale popanda DM kufotokoza. Pulasitiki yake ndi yosanyezimira kwambiri, chinthu chimene simungachiganizire mpaka tsiku limene mwakhala pansi pa babu la m'khitchini, theka la mapu likuwala ngati galasi. Maka yofufutika ndi nsalu youma imachoka bwino. Yofiira yokha ndiyo imasiya kachizindikiro mukaigoneka usiku wonse, choncho fufutani masewera akangotha. Mapuwa anabwera atapindidwa pakati, ndipo mzere wopindapowo sufuna kugona. Kachidole kokhala pamenepo kamapendama mpaka mutatsikiza mapu ndi mabuku kwa tsiku.

Kukula kwake n'koyenera kukambapo pang'ono. A2 ndi mamilimita 420 kwa 594, ndiye mumalowa timabokosi 16 kwa 23. M'nyumba ya alendo kapena m'phanga, malowo ndi okwanira bwino. Panja amachepa. Fireball, matsenga a moto amene aliyense amathamangira kutenga, amaphulika mafiti 20 mbali zonse, kutanthauza kuti amadya timabokosi 8 m'lifupi, theka lonse la mapu. Amaponyedwanso kuchokera pa mafiti 150, omwe ndi timabokosi 30, kuposa utali wa pepala lonselo. Wa uta wautali nayenso amakhala ngati wam'manga manja. Mlongo wina m'gulu lathu amasewera woponya mivi, ndipo amadandaula kuti nkhondo iliyonse imayamba adani ali kale pakhosi pake. Akunena zoona.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pa zithunzi makumi awirizo, zimene zimabwera patebulo mobwerezabwereza ndi zisanu ndi chimodzi: msewu wa m'nkhalango, nyumba ya alendo, phanga, bwalo la msika, mlatho, ndi sitima ya pamadzi. Malo amenewa amapezeka m'nkhani iliyonse. Msewu wa m'nkhalango mukautembenuza, n'kujambulapo ngolo yogubuduzika ndi maka, wasanduka malo ena ndipo palibe amene amafunsa. Zotsalazo ndi zimene zinandikopa pa chithunzi cha malonda: kachisi womangidwa m'nthiti za chinjoka chakufa, nyumba ya mabuku yoyandama m'mitambo, mpando wachifumu wozunguliridwa ndi chiphalaphala cha moto. Kukongola kwake n'kosakayikitsa, koma ali ngati diresi la ukwati. Tsiku lake anthu amaombera m'manja, kenako likupita m'sutikesi. Kachisi wa chinjoka uja nditamuyala koyamba, tebulo lonse linati zii. Kuti ndimuyalenso, wina adzati, "Achimwene, kuno si tinapha kale wansembe uja?" Ena mpaka pano sanatulukepo n'komwe, chifukwa nkhani yathu siinafike kumitambo, ndipo sindingakhotetse nkhani ya anthu asanu kuti ndingobweza ndalama yanga.

Mukawerengera motero, mtengo umasintha nkhope. Pa pepala, chithunzi chimodzi chandidyera mapaundi awiri ndi kakobiri. Kunena za zimene ndimagwiritsadi ntchito, chilichonse chapitirira mapaundi asanu ndi awiri.

Sindikunena kuti wogulitsayu ndi wadyera. Msika wa zinthu zimenezi ndi wopapatiza kuposa mmene anthu amaganizira. Patebulo la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense amagula madayisi ake, ambiri amagula kachidole kawo, koma mapu amagula ndi DM yekha. Ndiye pa ma DM omwewo chotsani amene sayala mapu n'komwe, amangofotokoza nkhondo pakamwa. Chotsaninso amene anasamukira pa kompyuta. Pa mapulogalamu oseweretsa masewerawa pa intaneti, Roll20 inayamba mu 2012, Foundry inatuluka mu 2020, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka anthu m'nyumba chaka chomwecho, magulu ambirimbiri anapita kumeneko. Ena sanabwererenso patebulo. Alipo enanso amene amakumana pamaso koma amagoneka TV chagada patebulo n'kumaonetsa mapu pamenepo. Otsala ogula pepala ndi ochepa, ndipo munthu wosindikiza makope ochepa sapeza mtengo wotsika umene amapeza wosindikiza masauzande pa makina aakulu. Onjezerani pulasitiki, katoni yolimba yoti katundu asapindike panjira, ndi positi ya phukusi lalikulu. Ndikukhulupirira kuti pa ndalama yangayo, imene inalipira luso la kujambula ndi yochepa kwambiri. N'chifukwa chake opanga mapu ambiri amayamba adutsa pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalonjeza ndalama katundu asanapangidwe, kuti adziwe chiwerengero cha ogula asanapite kosindikiza.

Palinso chifukwa chimene amadzazira paketi ndi zinjoka ndi mitambo. Chithunzi cha msewu wa m'nkhalango sichiimitsa chala cha munthu amene akuyendayenda pa foni. Chogulitsa paketi ndi chinjoka, chogwira ntchito patebulo ndi msewu. Inenso ndinakodwa pomwepo.

Tikayerekeza ndi zina zimene zili pamsika, paketiyi imakhala pakatikati. Battlemat ya kampani ya Chessex ndi chinsalu cha vinyl chopanda chithunzi, timabokosi tokhatokha, mainchesi 23 ndi theka kwa 26. Mumajambula nokha chilichonse, ndipo imafuna maka yofufuta ndi madzi basi. Siikongola, koma palibe nkhani imene ingakane. Flip-Mat ya kampani ya Paizo ndi mainchesi 24 kwa 30, yokulirapo kuposa A2, ndipo imagulitsidwa umodziumodzi, kotero mumasankha malo amene mukufunadi m'malo mogula gulu lonse. Kampani ya kuno ku Britain ya Loke imapanga mabuku a mapu omangidwa ndi waya, oti mukatsegula amagona bwino patebulo, ndipo zambiri zimene zilimo ndi malo wamba aja. Ndikanayambira pamenepo ndikanakhala kuti ndikugula koyamba. Mukapita ku UK Games Expo, chionetsero cha masewera a patebulo cha ku Birmingham, mumaona zonsezi ndi maso, kuzigwira, ndi kupewa ndalama ya positi.

Ena adzati bwanji osangotenga mapu pa intaneti n'kukasindikiza wekha. Njirayo ilipo ndithu. Ojambula ambiri pa Patreon, tsamba la pa intaneti pamene mumalipira wojambula mwachindunji, amatulutsa mapu atsopano mwezi ndi mwezi pa ndalama yochepa, ndipo wojambula wina, Dyson Logos, wakhala akupereka mapu ake akuda ndi oyera kwaulere kwa zaka zambiri. Koma chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mapu okonzedwera Roll20 nthawi zambiri amakhala ndi mapikiselo 70 pa kabokosi kamodzi. Pa sikirini amaoneka bwino. Mukawasindikiza pa inchi imodzi, ndiye madontho 70 pa inchi, pamene kusindikiza kwabwino kumafuna 300, ndipo ngakhale 150 ndi pongopirira. Zotuluka zake zimakhala zachimbuuzi. Funani fayilo imene wojambulayo wanena kuti ndi yosindikiza. Chachiwiri, uzani wa pa makinayo kuti asindikize pa 100 peresenti, asalole kompyuta kuchepetsa chithunzi kuti chikwane pa pepala. Akachepetsa pang'ono pokha, timabokosi timasanduka mamilimita 23, tizidole n'kuyamba kukwerana. Pa A4 mumangolowa timabokosi 8 kwa 11, choncho mapu a saizi ya A2 ndi mapepala anayi kapena kuposa, kudula m'mphepete ndi kumata ndi selotepi, kuwonjezera inki imene pulinta ya kunyumba imamwa pa chithunzi cha nkhalango yobiriwira. Pa malo oti mudzagwiritsa ntchito kamodzi, kuvutika kumeneku n'koyenera, makamaka mukasindikiza zakuda ndi zoyera. Pa malo a sabata ndi sabata, pepala lomata limatha msanga, ndipo apa m'pamene paketi yokutidwa ndi pulasitiki imapambana.

Kwa inu amene muli kumudzi, musavutike kuitanitsa phukusi lotere kuchokera kunja. Positi yokha ingapose katunduyo. Gulani fayilo, mupite nayo kwa osindikiza mabana a misonkhano ndi malonda ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Nsalu ya bana siing'ambika, imakulungika, ndipo mungasankhe kukula kulikonse. Ingotengani rula mukamakatenga.

Ndinamulembera wogulitsayu kumufunsa ngati angamagulitse mapepala amodziamodzi, kapena kusiya kuseri kwa mapu apadera aja kuli timabokosi tokhatokha pa udzu kapena pa miyala. Anayankha mwaulemu tsiku lomwelo kuti kugulitsa limodzilimodzi sikungamubwezere ndalama ya positi ndi katoni, koma za kuseri kwa pepala aziganizira akamadzasindikizanso. Akatero ndidzawonjezera nyenyezi yachinayi. Pakadali pano, musanalipire, tsegulani mndandanda wa zithunzi zonse makumi awiri, muwerenge zimene mungayale kawiri gulu lanu osazindikira. Zikapitirira khumi, gulani. Kwa ine zinakwana zisanu ndi chimodzi.