Siling'i ya mphasa ndi mankhusu a mpunga, chaka chatha chiikireni

Nyumba yathu ku Songani, m'boma la Zomba, ndi ya zidina, anamanga ndi bambo kalekale, ndiye mvula ya Freddy ija 2023 itawononga denga la udzu tinakhoma malata tikuti eya tatukuka. Aaa tinadziputira. Okutobala masana mkati ngati mu uvuni, June chiperoni chikatsika ku phiri kuja malata amachita thukuta mbandakucha madontho kumagwera pa bulangete, mayi mpaka anayamba kumagona kukhitchini komwe kudakali udzu.

Mmisiri amene tinamupeza ndi mdala wina wa ku Domasi, ine ndimafuna tipake simenti makoma onse koma anakana, akuti khoma la dothi lilibe mlandu, masana limamwa kutentha usiku nkumabweza pang'onopang'ono, ukalitseka ndi simenti chinyezi chimatsekeredwa mkati pulasitala nkumasweka. Vuto akuti ndi m'mwambamu. Anayala nsungwi, pamwamba pake mphasa za bango, kenako mankhusu a mpunga a kuchigayo atawathira m'matumba nkuwasanja mothithikana, nkusiya mpata pansi pa malata kuti mpweya uzidutsa. Makoma anangokulungiza ndi dothi losakaniza mchenga ndi ndowe basi.

Zoona zake, zagwira. Masana umagona mkati osavula malaya, ndipo chomwe sindimayembekezera, mvula ikamagwa wailesi imamveka bwinobwino, phokoso la malata lija linachepa. Mayi anabwerera kuchipinda kwawo.

Koma ndisanamize anthu, makoswe anapezamo hotela. Mankhusu aja amakhala ndi timpunga totsalira ndiye usiku kumangomva gudugudu m'mwamba, mdala uja sanatiuze kuti tipete kaye, komanso sanasiye kachibowo kokwerera, tinachita kudula mphasa imodzi kuti tiike misampha. Pano tili ndi mphaka. Chiswe nachonso muziyang'ana m'makona, nsungwi chimazikonda heve. Ndipo mbaula kapena kandulo osayandikitsa, bango louma silichedwa.

Pa nthawi ndiye musawerengere, mdala uja anati sabata imodzi zinatenga zitatu, mawa maliro mawa kumunda. Koma ntchito ya manja ake ndi yaukhondo, mphasa zinagwirana bwino palibe polendewera, ndipo ndalama yonse sinafike pa mtengo wa ma bolodi a siling'i omwe ndinafunsa mu tauni. Chipinda cha ana chatsala, ndimuitananso yemweyo, koma mankhusu ndipeta ndekha.