Mathithi a Tamarind ku Mauritius: gaidi ndi munthu, koma akampani anandinamiza

Mwana wanga wachiwiri, uja amagwira ntchito ku Lusaka, ananditengera ku Mauritius mu Epulo kuti ndikapume nditasiya uphunzitsi. Zaka zonse zija ndinkajambula zilumba pabolodi ndi choko kuno ku Chipata, phazi langa linali lisanapondepo pa chilumba cha m'nyanja ya mchere. Chibwerereni, anzanga a kuchigwirizano ku Kapata sakundipatsa mpata, aliyense akufuna kudziwa chimene ndinabwerera ndikutsimphina. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofuna kupitako awerenge yekha.

Ulendo wa kumathithi tinaulipira patebulo la pahotela, kwa kakampani kena koyendetsa alendo. Munthu mmodzi mtengo wake, nditauwerengera m'makwacha athu, unali pafupifupi thumba limodzi la feteleza. Ndinadandaula ndithu, koma mwana anati, "Amama, ndalama si zanu, khalani chete." Papepala lawo panalembedwa zinthu zitatu: galimoto idzakutengani pakhomo, chakudya chamasana chilipo, ndipo njira ndi yosavuta kwa munthu wa msinkhu uliwonse. Choyambacho anachita, ngakhale dalaivala anafika mochedwa ndi mphindi 40 osapepesa n'komwe. Chachiwiri ndinena kutsogoloku. Chachitatu ndiye bodza lenileni, ndipo amene analemba mawuwo ndikanakonda atsike yekha ndi agogo ake.

Mathithiwa ali pamtsinje wa Tamarin, ndipo njira imayambira pakamudzi ka Henrietta, kufupi ndi tauni ya Vacoas. Eni dziko amawatchula Sept Cascades, kutanthauza mathithi asanu ndi awiri, chifukwa madzi sagwa kamodzi ngati pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, amatsika mwa masitepe, apa agwa, apange dziwe, ayende pang'ono, agwenso. Dzina loti Tamarind linandiseketsa, paja ndi bwemba wathu yemweyu amene timathira m'phala. Ndinayang'ana uku ndi uku, mtengo wa bwemba sindinauone. Ndinaona nzimbe basi, minda ya nzimbe mpaka pomwe maso alekezera, ndipo mumayamba mwadutsa momwemo musanafike pamphepete pa chigwa.

Pamenepo ndi pomwe tinakumana ndi gaidi wathu, mnyamata wochepa thupi, wa msinkhu wa mwana wanga womaliza. Atatipatsa moni sanayang'ane nkhope zathu, anayang'ana kumapazi. Anzathu anayi ochokera ku Ulaya anali ndi majombo, mwana wanga anali ndi nsapato zothamangira, ine ndinali nditavala nsapato zanga zafulati zopitira kutchalitchi, zija zosalala kunsi. Mnyamatayo anagwada, nagwira nsapato yanga imodzi, naipendeka kuti aone kunsi kwake, kenako anapukusa mutu. Anatsegula chikwama natulutsa makanivasi akale, otha mtundu koma a mano kunsi. Anali aakulu pang'ono, ndiye anandiveka masokosi awiri, namanga zingwe yekha, kuzungulira kawiri pakakolo. Anati amayenda nawo masiku onse chifukwa a ku ofesi sauza anthu zoona. Ndinachita manyazi kumangidwa nsapato ndi mwana wa eni, koma pofika madzulo ndinkawadalitsa makanivasi amenewo.

Kutsika kwake ndiye nkhani. Ife a ku Chipata timadzitama ndi mapiri, ndipo ine phiri la Kanjala ndalikwerapo kangapo ndi ana a sukulu. Koma kwathu nthaka ndi youma, ukaponda mwala umakhala pomwepo. Uko dothi ndi lofiira, lonyowa, loterera ngati therere. Masitepe palibe, chogwirira palibe, chikwangwani cholozera njira palibe. Chimene chilipo ndi mizu ya mitengo, yosalala ndi manja a anthu amene aigwira zaka ndi zaka. Umatembenuka kuyang'ana kuphiri, n'kumatsika chammbuyo ngati ukutsika pamakwerero a nkhokwe. Gaidi anali kumunsi kwanga nthawi yonse, akugogoda ndi dzanja pomwe ndiike phazi. "Apa, Mama. Ayi, lamanzere. Tsopano gwirani muzu uwu, uwo ndi wowola." Chitenje ndinachimanga m'chiuno pamwamba pa thalauza, ndipo posakhalitsa chinali chofiira ngati ndachokera kuumba njerwa. Walira mvula walira matope, ndinadziuza ndekha, paja ndine ndinaumirira kuti sindingabwerere ku Zambia ndisanaone mathithi.

Chinthu chimodzi chinandikhazika mtima pansi. Ndinkaopa kulowetsa dzanja m'mizu ndi m'masamba, poti kwathu malo otere ndi a mphiri ndi mamba. Mnyamatayo anaseka nati pachilumbachi njoka zaululu kulibe. Ng'ona m'madziwe mulibenso. Munthu amene wakulira kufupi ndi Luangwa mawu amenewa sawakhulupirira msanga, koma ndi zoona.

Nkhalango yake ndi yothithikana, koma mitengo yambiri m'njiramo ndi yobwera. Yochuluka ndi timagwafa tating'ono tofiira, kukula ngati masuku aang'ono, towawasa mokoma. Iwo amati goyave de Chine. Tinapeza tili pakupsa, ndipo tinkathyola tikuyenda. Gaidi anati anthu amatikonda, amadyera mchere ndi tsabola, koma akatswiri a zankhalango amadana nato chifukwa timamera mothinana n'kupha mitengo yachilengedwe ya pachilumbapo. Amene amafalitsa njere ndi apusi a michira yaitali, omwenso anachita kubwera ndi zombo kalekale. Mphunzitsi mwa ine anadzuka pamenepo, ndinayamba kumufunsa za mbalame ya dodo imene inatha m'zaka za m'ma 1600, mpaka mwana wanga anandikodola kuti tikuchedwetsa gulu. Mnyamatayo sanatope nane. Anandilozeranso mbalame zoyera za mchira wautali ngati ulusi zikuuluka m'chigwa kumunsi kwathu, nati ndi zomwe zija zojambulidwa pandege za Air Mauritius.

Tsopano za madziwo. Ndinene chilungamo, munthu amene anaimapo pa Mosi-oa-Tunya mu Epulo, madzi akugwa mamita 108 ndipo utsi wake ukunyowetsa mpaka zovala zamkati, akafika apa poyamba amati, "Ndi zomwezi?" Madzi ake ndi ochepa. Gaidi anafotokoza kuti kumtunda kuli damu, ndipo madzi ena amawapatutsa kukapanga magetsi. Koma kukoma kwa malowa n'kwina. Ku Livingstone umaonera patali, utagwira chitsulo. Apa umalowamo. Pa mathithi ena pali kanjira kodutsa kuseri kwa madzi, pakati pa thanthwe lakuda ndi madzi akugwawo. Tinalowa mmodzimmodzi. Mkatimo muli mdima pang'ono, mukuzizira, thanthwe lili ndi ndere, ndipo phokoso ndi loti mnzako akamalankhula umangoona pakamwa. Kuyang'ana kunja kudzera m'madzimo, nkhalango yonse imaoneka ikunjenjemera. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa anzanga, madontho akundimenya pamphumi, ndipo palibe amene anandifulumizitsa.

Padziwe la kumunsi achinyamata anasambira, ena akudumpha kuchokera pamwala, koma gaidi anayamba waloza pomwe pali pakuya ndi pomwe pali miyala yobisika. Ine ndinangokhala m'mphepete n'kuviika mapazi. Posapita nthawi ndinamva kuyabwa, kuyang'ana, tinsomba tonga matemba tazungulira zidendene zanga tikujompha khungu lakufa. Ndinakuwa. Gulu lonse linaseka, ndipo mwana wanga anati tinsombato tapeza phwando, poti zidendene za munthu woyenda m'fumbi la Kapata n'zosiyana ndi za azungu. Kanema wake anatumiza kale pa WhatsApp ya banja, ndiye palibe chobisa.

Apa ndi pomwe chinatulukira chakudya chamasana chija. Kabuledi kamodzi kopaka tchizi, chidutswa cha chinanazi, ndi botolo la madzi. Munthu wozolowera nsima, watsika phompho ndi manja ndi miyendo, kumupatsa zimenezo ndi kumuputa chabe. Mwayi ndinali nditanyamula nsawawa zokazinga za kwathu m'kathumba, ndipo gaidi atalawa anapempha zina zokapatsa amayi ake. Nyamulani kanu. Chimbudzinso kulibe m'chigwa monsemo, zimenezi akampani sananene. Udzudzu ulipo wambiri, ngakhale malungo kumeneko anathetsa.

Ife tinalipira ulendo wa theka la tsiku, umene umathera pa mathithi a kumtundaku. Ofuna onse asanu ndi awiri amatha tsiku lathunthu, ndipo munthu wa zaka zanga sindingamulangize. Kubwerera kumtunda ndi kumene kunandithera mphamvu. Thukuta kamukamu, mtima ukugunda m'makutu, ndikupuma pa mitengo isanu iliyonse. Chapakatikati phazi linaterera pamuzu wonyowa ndipo bondo linamenya mwala. Mnyamata uja anandigwira pamkono ndisanapite patali, anandikhazika pansi, nalimanga bondolo ndi bandeji ya m'chikwama chomwe chija, n'kundidulira ndodo ya mgwafa. Anauza anzathu atsogole ndi gaidi wa gulu lina, iye anatsala nafe. Tinatuluka m'chigwamo ola lathunthu pambuyo pa ena, ndipo sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi.

Tili m'njira tinakumana ndi anyamata awiri amene anatsika okha potsatira mapu a pafoni, atasochera, akubwerera kumene achokera kachitatu. Tinjira m'menemo ndi tambiri ndipo timafanana. Gaidi anatiuzanso kuti mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli pakuwala dzuwa, ndipo iye akaona mitambo yakuda cha kutauni ya Curepipe salola munthu kutsika. Nyengo ya anamondwe kumeneko ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo ya dzinja lathu, choncho ife tinapita chakumapeto kwake, n'chifukwa chake matope anali ambiri.

Amene mawondo anayamba kale kudandaula, pitani ku Chamarel. Tinapitako patapita masiku awiri, ine ndikutsimphina. Mumalipira pageti, galimoto imakufikitsani pafupi, mumaima pamalo omangidwa bwino n'kuona madzi akugwa pafupifupi mamita 100, kenako mukaone dothi la mitundu isanu ndi iwiri ndi akamba akuluakulu. N'kokongola, ndipo nsapato za kutchalitchi zimakwana. Koma kumeneko ndinajambula zithunzi n'kubwerera m'galimoto, pamene ku Tamarind mpaka lero ndikatseka maso ndimamva madzi aja pamphumi.

Ndikati ndigawe malikisi monga ndinkachitira m'kalasi, gaidi ndikumupatsa 10 pa 10, akampani 4, ndipo anayiwo ndi chifukwa choti analemba ntchito mnyamata ameneyu. Ndinawalembera uthenga kuti achotse mawu akuti njira ndi yosavuta ndipo aziuza anthu za nsapato, sanandiyankhe. Pobweza makanivasi ndinaikamo marupee pang'ono mkati mwa lakumanja, pamodzi ndi nsawawa zotsala. Ndodo ya mgwafa ija a pabwalo la ndege anakana kuti ndikwere nayo, inatsala ku Plaisance itatsamira bini.