Zimbale zinayi zoyamba za Billy Joel zotulutsidwanso: chogula ndi chosiya

Pachikuto cha chimbale chakale chotulutsidwanso pamalembedwa remaster kapena remix, ndipo ogula ambiri amaona ngati n'chimodzimodzi. Pa remaster katswiri amatenga tepi yomaliza, ija yosakaniza kale, n'kuikonza kamvekedwe asanaidinde pa CD kapena pa vinyl. Ng'oma, gitala ndi mawu a woyimba zimakhala pomwe zinali. Pa remix amabwerera ku matepi amene chida chilichonse chili pamzere wakewake, ndiye akhoza kukweza ichi, kuzimitsa icho, ngakhale kuitana woyimba ng'oma wina kuti ayimbenso. Kwa Billy Joel, woyimba ndi piyano wa ku America, kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse, makamaka pa chimbale chake choyamba.

Cold Spring Harbor chinatuluka mu November 1971 pansi pa kampani yaing'ono ya Family Productions, ndipo anachiyang'anira ndi Artie Ripp. Pokonza chimbale choti adindire zinazo, liwiro linalakwika. Nyimbo zonse 10 zinatuluka zothamanga, mawu a Joel atakwera n'kuwonda ngati a mnyamata amene sanasinthe mawu. Mwini wakeyo sanabise kuti zinamunyansa. Tepi kapena chimbale chikathamanga, zinthu ziwiri zimasintha limodzi: nyimbo imafupika, mawu amakwera. Kukwera kochoka pa kiyi imodzi ya piyano kufika pa yoyandikana nayo kumabwera liwiro likaonjezeka ndi magawo pafupifupi 6 pa 100 alionse, ndipo khutu la munthu limagwira msanga kusinthako pa mawu a woyimba kusiyana ndi pa piyano.

Kampani yaikulu ya Columbia inatulutsanso chimbalechi mu 1983, Joel atatchuka kale. Liwiro linakonzedwa, ndipo apa palibe chodandaula: She's Got a Way imamveka ngati munthu wamkulu akuyimba, mawu ali ndi thupi. Koma Ripp sanalekere pamenepo. Anachita remix, anaika ng'oma zatsopano ndi makiyibodi pa nyimbo zina, anachotsa gulu la zingwe ndi malipenga limene linali pa Tomorrow Is Today, ndipo You Can Make Me Free anaidula pakati. Ya 1971 inkafika mphindi pafupifupi 6, kumapeto oyimba akungosewera zida mwaufulu, pomwe ya 1983 imazimirira pa mphindi pafupifupi 3. Ng'oma zatsopanozo zikumveka kuti ndi za m'ma 1980, zouma ndi zakuthwa, zosagwirizana ndi piyano ndi mawu ojambulidwa zaka 12 m'mbuyomo. Kuchotsa zingwe pa Tomorrow Is Today kokha ndi kumene tingakuvomereze, chifukwa nyimbo yachisoni ngati imeneyi imaima bwino pa piyano ndi mawu basi.

Ma CD wamba a Columbia atengera mtundu wa 1983 womwewu. Njira yodziwira musanalipire ndi yosavuta: onani kutalika kwa nyimbo yachiwiri kuseri kwa chikuto. Ikakhala ya mphindi 3, mukugula ya Ripp yokonzedwanso ija. Wofuna kumva chimbalechi momwe anachijambulira ayenera kupeza vinyl ya Family Productions ndi kuibweza liwiro yekha. Makina oyimbira zimbale okhala ndi kotsitsira liwiro, monga Technics SL-1200 imene imalola magawo 8 pa 100 kukwera kapena kutsika, amatha ntchitoyi. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka piyano ya m'chimbale igwirizane ndi kiyibodi yochunidwa bwino. Ngati mwaikopera mu kompyuta, mu pulogalamu ya Audacity sankhani chida chosintha liwiro ndi kukwera kwa mawu pamodzi. Mukasankha chotsitsa mawu okha, nyimbo idzakhalabe ikuthamanga, ndipo piyano idzayamba kumveka ngati ili m'madzi.

Piano Man cha mu 1973, chimbale chake choyamba ku Columbia, n'chimene chapindula kwambiri ndi kutulutsidwanso. Anachijambulira ku Los Angeles, Michael Stewart akuyang'anira, ndi oyimba zida aganyu a mu situdiyo. Chojambulidwacho n'chaukhondo koma chodzaza: banjo, zingwe, oyimba ovomereza, zonse pamwamba pa piyano. Pa vinyl yakale yotha ndi singano yobuntha zonsezi zimaphatikana. Captain Jack ndi imene imavutika kwambiri, chifukwa ndi yomaliza kumbali yachiwiri, ya mphindi zoposa 7, ndipo kolasi yake yaphokoso imagwera pafupi ndi pakati pa chimbale pomwe mizere imathinana ndipo singano imalephera kutsata bwino. Mukamva mawu akukhadzuka pamenepo, yambani mwaona singano ndi kulemera kwake musananene kuti chimbale n'choipa. Singano yofala ya Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 2. Kuipepuza kuopa kuwononga chimbale ndiye kumachiwononga, poti singano yopepuka imadumphadumpha n'kumakanda makoma a mzere.

Pa mitundu yonse ya Piano Man, wa Legacy Edition wa mu 2011 ndi woyenera ndalama zanu, ndipo chifukwa chake ndi CD yachiwiri. Muli zimene Joel anayimba pa 15 April 1972 ku Sigma Sound Studios mumzinda wa Philadelphia, zikuulutsidwa pa wailesi ya WMMR. Captain Jack yojambulidwa tsiku limenelo ndi imene wailesiyo inkaibwereza mpaka akuluakulu a Columbia anatchera khutu. Mulinso nyimbo zitatu zimene sizinalowe mu chimbale chake chilichonse cha mu situdiyo: Long, Long Time, Josephine ndi Rosalinda. Koposa zonse, muli nyimbo zingapo za mu Cold Spring Harbor pa liwiro lenileni, ndi mawu ake a zaka 22, popanda munthu wozidula kapena kuziikira ng'oma zachilendo. Kamvekedwe n'ka pawailesi, si kosalala ngati ka mu situdiyo, koma mukumva gulu likuyimba limodzi m'chipinda chimodzi.

Streetlife Serenade cha mu 1974 sitichedwa nacho. Joel analibe nyimbo zokwanira chifukwa cha maulendo oyimba, n'chifukwa chake muli ziwiri za zida zokhazokha, Root Beer Rag ndi The Mexican Connection. Remaster imayeretsa piyano ndi kiyibodi yamagetsi ya Moog ya mu The Entertainer, koma siingalembe nyimbo zimene kunalibe. CD wamba ikukwanirani.

Turnstiles cha mu 1976 n'china. Poyamba anachijambulira ku Caribou Ranch ku Colorado ndi James William Guercio, akugwiritsa ntchito Nigel Olsson ndi Dee Murray a m'gulu la Elton John. Joel sanakhutire, anazisiya, n'kukajambulanso ku New York akudziyang'anira yekha, ndi anyamata ake: Liberty DeVitto pa ng'oma, Doug Stegmeyer pa besi, Richie Cannata pa saxophone. Nyimbo n'zisanu ndi zitatu zokha ndipo zofooka n'zochepa. Koma Joel sanali katswiri wosakaniza mawu, ndiye chimbalechi chimamveka chophwatalala poyerekeza ndi The Stranger cha chaka chotsatira chimene Phil Ramone anachigwira. Apa remaster yabwino imamveka ndithu. Besi ya Stegmeyer imatulukira, ndipo piyano yothamanga yoyambira Angry Young Man imamveka kiyi iliyonse payokha m'malo mwa phokoso limodzi. Dziwaninso kuti New York State of Mind ya pa Greatest Hits ya 1985 ili ndi saxophone yosiyana, choncho amene anazolowera imeneyo asadabwe.

Ma CD a 1998 anakonzedwa ndi Ted Jensen wa ku Sterling Sound, ndipo ndi amene amapezeka mosavuta ndiponso motchipa kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Amamveka mokweza ndi mowala kuposa ma CD a m'ma 1980. Pa sipika zazing'ono ndi m'galimoto zimenezi zimathandiza, koma pa mahedifoni akuthwa zimatopetsa khutu. Poyerekeza mitundu iwiri, linganizani voliyumu kaye, chifukwa yokweza nthawi zonse imanamiza kuti ndiyo yabwino. Timavidiyo timene anaika pa ma CD amenewa n'ta mapulogalamu akale a kompyuta, musaonjezere ndalama chifukwa cha ito.

Kampani ya Mobile Fidelity inatulutsa Piano Man ndi Turnstiles pa SACD (mtundu wapadera wa CD wosunga mawu mwatsatanetsatane kuposa CD wamba) ndi pa vinyl yolemera. Kamvekedwe n'kofewa, kosapanikizidwa, koma mtengo n'wokwera. SACD yolembedwa hybrid imayimba mu CD player wamba, kungoti mumamva gawo la CD lokha, osati limene mwalipirira kwambirilo. Ogula vinyl yawo akumbukire zimene zinaululika mu 2022, zoti zimbale zawo zambiri zinkadutsa kaye mu makina a dijito a DSD asanazidinde. Sizipangitsa chimbale kumveka moipa, koma musalipire poganiza kuti chachokera pa tepi mwachindunji.

Bokosi la The Vinyl Collection Vol. 1 la mu 2021 lili ndi ma vinyl 9: zimbale zisanu ndi chimodzi zoyamba za mu situdiyo, Songs in the Attic, ndi ziwiri za konsati ya 1975 ku Great American Music Hall ku San Francisco. Ndi la munthu amene ali ndi makina abwino ndipo alibe chimbale chilichonse mwa izi. Amene thumba ndi lopyapyala ayambe ndi Songs in the Attic cha mu 1981 pachokha. Joel anachitulutsa dala kuti nyimbo zoyambazi zimveke ndi gulu lake lenileni, zojambulidwa pa makonsati a 1980, ndipo Captain Jack ndi Everybody Loves You Now za mmenemo zili ndi mphamvu imene oyimba aganyu a ku Los Angeles ndi remix ya Ripp sizinapereke. Kenako Turnstiles, kenako Piano Man cha ma CD awiri chija.