Miyezi 14 titakonzanso nyumba yakale ya sitolo

Nyumba yathu ya sitolo inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo tinaikonzanso kuti igwirizane ndi malamulo amakono a kamangidwe ka m'mizinda. Tsopano yaona dzinja lathunthu ndi nyengo yotentha yathunthu, choncho ndingathe kunena zoona zake.

Chimene sindinong'oneza nacho bondo ndi njira yotsetsereka yomwe inalowa m'malo mwa masitepe atatu a pakhomo. Muyezo wodziwika ndi wakuti pokwera sentimita imodzi, njirayo italike masentimita 12. Khomo lathu lili masentimita 45 pamwamba pa msewu, motero panafunika mamita 5.4, ndipo tinaiyendetsa motsatira khoma. Khomolo tinalikulitsa kufika masentimita 90. Ndinkaganiza kuti idzathandiza oyenda pa njinga za olumala okha, koma agogo oyenda ndi ndodo ndiponso anyamata okankha katundu ndiwo amaidutsa tsiku lililonse. Pali makasitomala ena omwe kale ankaima panja kudikira kuti tiwatulutsire katundu. Lero amalowa n'kusankha okha.

Chomwe chikundiwawa ndi pulasitala. Njerwa za nyumbayi anamangira ndi laimu, ndipo khoma lotere limatulutsa chinyezi pang'onopang'ono. Mmisiri wathu anamata simenti yolimba mkati ndi kunja, pamwamba pake penti wonyezimira. Miyezi inayi yoyamba linkaoneka bwino kwambiri. Mvula itafika, chinyezi chochokera pansi chinasowa potulukira: penti anatupa, m'munsi mwa khoma munatuluka mchere woyera, ndipo njerwa zina zayamba kufumbutuka. Tagumula pulasitalayo mpaka mita imodzi kuchokera pansi n'kumatanso ndi laimu. Pakali pano khoma likuuma, ngakhale mwapang'onopang'ono.

Galasi lalikulu la kumaso lili ndi ubwino wake. Odutsa amaona katundu, ndipo usiku kuwala kwa mababu a LED kumafika pamsewu, moti anthu sachitanso mantha kudutsa pakhomo pathu. Koma pofuna kuti galasilo lioneke, tinadula theka la khonde lakale, tisanaganizire kuti nyumbayi inayang'ana kumadzulo. Kuyambira 2 koloko masana mkati mumatentha ngati mu uvuni, ndipo nsalu za pazenera zasuluka. Omanga akale anaika khondelo akudziwa kumene dzuwa limalowera. Mizati yake yachitsulo tinaisunga kuseri, ndipo mwezi wamawa tiibwezeretsa pamalo pake.